AMPHAWI NDIWO CHUMA CHA MPINGO

Mau kwa akhristu a m'maparishi ndi m'miphakati pa za chikondi, chilungamo ndi udindo wathu pa anthu osowa

Mau Oyamba



M'chaka cha 258, pamene akhristu ankazunzidwa mu ulamuliro wa mfumu Valerian, mu mzinda wa Roma munali dikoni wina, Lawrence Woyera, amene ankasunga thumba la Mpingo. Mbiri imene makolo athu m'chikhulupiriro anatisiyira imati akuluakulu a boma anamulamula kuti apereke chuma chonse cha Mpingo. Iye anapempha masiku owerengeka, ndipo atatha masikuwo anabwera ndi khamu la akhungu, olumala, amasiye ndi opemphapempha, nawaimika pamaso pa akuluakuluwo monga chuma chimene ankachifunacho. Anaphedwa pa 10 Ogasiti chaka chomwecho.

Tayamba ndi nkhani imeneyi chifukwa funso limene tikufuna kulingalira pamodzi lero ndi lomwelo: kodi m'maso mwathu, ndiponso m'maso mwa amene tinawapatsa udindo wolamulira, munthu wosauka ndi ndani? Kodi ndi katundu wolemetsa, ndi voti yoti igulidwe, kapena ndi m'bale amene Khristu anamufera? Mmene tingayankhire funsoli ndi mmenenso dziko lathu lidzayendere.

1. Zimene Maso Athu Aona

Ife ansembe, asisiteri ndi akatekisiti timalowa m'makomo mwanu, ndipo zimene tikunenazi si zongomva. Timaona mabanja amene nkhokwe zao zimatha mwezi wa Okutobala usanafike. Timaona abambo ndi amayi akusiya munda wao uli ndi udzu napita kukagwira ganyu m'munda wa wina kuti apeze kambale ka ufa, ndipo potero njala ya chaka chino imabala njala ya chaka chamawa. Timaona alimi akugulitsa chimanga motchipa nthawi yokolola kuti abweze katapila, kenaka n'kudzagulanso chimanga chomwecho pa mtengo wokwera mwezi wa Januwale. Timaona agogo akulera zidzukulu zamasiye, atsikana akukwatiwa akadali ana chifukwa pakhomo palibe chakudya, odwala akubwezedwa kuchipatala kuti akagule okha mankhwala, ndiponso okalamba akumenyedwa ndi kuphedwa powaganizira ufiti.

Mbiri ya dziko lathu ili ndi zipsera za njala. Akuluakulu amakumbukira njala ya 1949. Ambiri mwa ife tikukumbukira njala ya 2001 ndi 2002, pamene anthu ankadya madeya ndi zitsa za nthochi, ndipo boma linalengeza za ngozi ya njala mu Febuluwale 2002 anthu atayamba kale kufa. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anakokolola midzi ku Blantyre, Phalombe, Mulanje, Chiradzulu, Nsanje ndi Chikwawa. Anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, ndipo oposa 600,000 anasowa pokhala. Mu Malichi 2024, chifukwa cha ng'amba, boma linalengeza za ngozi m'maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino.

Mvula ndi mphepo sitingazilamule. Koma tiyenera kunena mosabisa kuti mavuto ambiri a amphawi amachokera m'manja mwa anthu. Njala ya 2002 isanafike pachimake, chimanga choposa matani 160,000 cha m'nkhokwe za dziko chinali chitagulitsidwa. M'chaka cha 2013 kunaululika kubedwa kwa ndalama zankhaninkhani za boma, nkhani imene inatchuka ndi dzina loti Cashgate. M'chaka cha 2021 kafukufuku wa boma lenilenilo anaonetsa kuti gawo lina la K6.2 biliyoni yolimbanirana ndi mliri wa Covid-19 linasakazidwa. Ndalama iliyonse yobedwa motere ndi mankhwala amene sanafike kuchipatala cha kumudzi, ndi mlatho umene sunamangidwe, ndi desiki imene mwana wasukulu sanakhalepo.

2. Zimene Malembo Oyera Aphunzitsa

M'Chipangano Chakale, kusamalira osowa kunali lamulo la mtundu wonse wa Israele. Mwini munda ankalamulidwa kuti asakolole mpaka m'mphepete, ndipo asabwerere kukatola zotsalira, kuti amphawi ndi alendo akunkhe (Levitiko 19:9-10). Wolemba ntchito ankayenera kulipira waganyu tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, popeza moyo wake umadalira malipirowo (Deuteronomo 24:14-15). Mneneri Amosi anadzudzula amalonda ochepetsa muyeso, okhotetsa sikelo ndi ogulitsa mungu ngati tirigu (Amosi 8:4-6). Aliyense amene anagulitsapo soya kapena mtedza pa sikelo ya venda wosakhulupirika akudziwa kuti mneneriyu akulankhulanso za misika yathu. Yosefe ku Ejipito anasunga chakudya m'zaka za dzinthu kuti anthu adzapulumuke m'zaka za chilala (Genesis 41). Kumeneko ndiye kulamulira mwanzeru, ndipo dziko logulitsa nkhokwe zake mosaganizira za mawa limachita zotsutsana ndi nzeru imeneyi.

Ambuye Yesu anafikitsa chiphunzitsochi pachimake. M'fanizo la munthu wachuma ndi Lazaro (Luka 16:19-31) sitimva kuti wachumayo anamenya Lazaro kapena kumuthamangitsa. Tchimo lake linali kuzolowera. Ankamudutsa pachipata tsiku ndi tsiku mpaka anasiya kumuona. M'fanizo la Msamariya wachifundo (Luka 10:25-37) amene analambalala munthu wovulala anali anthu a m'Nyumba ya Mulungu, wansembe ndi Mlevi, ndipo mau amenewa amatilasa ife ansembe poyamba. Pa za chiweruzo chotsiriza (Mateyo 25:31-46) Ambuye akudziika okha m'malo mwa wanjala, waludzu, mlendo, wausiwa, wodwala ndi wam'ndende. Tidzafunsidwa za anthu amenewa. Nayenso Yakobe akutichenjeza kuti kufunira wanjala mafuno abwino osamupatsa kanthu ndi chizindikiro cha chikhulupiriro chakufa (Yakobe 2:14-17).

Pali nkhani ina imene tikufuna kuti muiwerenge mofatsa m'miphakati yanu, ya pa Ntchito za Atumwi 6:1-7. Mu mpingo woyamba wa ku Yerusalemu munabuka dandaulo lakuti amayi amasiye olankhula Chigriki ankawadumpha pogawa thandizo la tsiku ndi tsiku. Atumwi sanakalipire odandaulawo, sanawatchule kuti ndi oukira. Anaitanitsa msonkhano wa onse, nauza anthu kuti asankhe okha amuna asanu ndi awiri a mbiri yabwino oti ayendetse ntchitoyo poyera. Taonani kuti mayina a osankhidwawo ndi a Chigriki, mbali yomwe ija inkadandaula. M'nkhani yaifupiyi muli zonse zimene timatcha ulamuliro wabwino: kumvera odandaula, kukana tsankho la mtundu ndi chilankhulo, kulola anthu kusankha atumiki ao, ndi kuika anthu okhulupirika pa chuma cha onse.

3. Chiphunzitso cha Mpingo

Mpingo sunayambe lero kulankhula za amphawi. M'zaka za m'ma 300, njala itagwa ku Caesarea, Basil Woyera anatsegula malo odyetserako anjala, ndipo pambuyo pake anamanga mudzi wathunthu wosamaliramo odwala, akhate ndi alendo. M'chaka cha 1891 Papa Leo XIII analemba kalata ya Rerum Novarum yoteteza anthu apantchito ndi malipiro okwanira kusunga munthu. Msonkhano Waukulu Wachiwiri wa ku Vatican, umene unatha mu 1965, unaphunzitsa kuti Mulungu analenga dziko ndi zonse zili m'menemo kuti zipindulire anthu onse, ndiponso kuti chimene munthu ayenera kulandira mwa chilungamo tisamupatse ngati kuti ndi mphatso ya chifundo chathu. Mu 1967 Papa Paul VI, m'kalata ya Populorum Progressio, anafotokoza kuti chitukuko chenicheni chimakweza munthu yense wathunthu ndiponso anthu onse. Papa John Paul II, amene anatiyendera kuno ku Malawi mu Meyi 1989, anatsindika za umodzi wa anthu onse m'kalata ya Sollicitudo Rei Socialis ya 1987.

Papa Benedict XVI, m'kalata ya Deus Caritas Est ya pa 25 Disembala 2005, anati Mpingo uli ndi ntchito zitatu zosalekanitsika: kulalika Mau a Mulungu, kupereka masakramenti ndi kutumikira mwachikondi. Parishi yosiya ntchito yachitatuyi ili ngati mphika wokhala pa mafuwa awiri. Papa Francis anakhazikitsa Tsiku la Amphawi pa Dziko Lonse, limene linayamba mu 2017 ndipo limachitika Lamulungu la 33 la pachaka. Ndipo mu Okutobala 2025 Papa Leo XIV anatulutsa chilimbikitso chake choyamba, Dilexi Te, chonena za chikondi pa amphawi.

Kuno kwathu, pa 8 Malichi 1992, m'matchalitchi onse a Katolika munawerengedwa kalata ya Lenti ya maepiskopi athu. Ena mwa ife tinali anyamata a kuseminale, ndipo tikukumbukira mantha a masiku amenewo. Anthu ambiri amaikumbukira kalatayo ngati chiyambi cha njira yopita ku riferendamu ya pa 14 Juni 1993. Koma tisaiwale kuti mbali yaikulu ya kalatayo inkanena za kusiyana kwa olemera ndi osauka, malipiro ochepa a antchito, mitengo yotsika ya mbewu za alimi, kuthithikana m'masukulu ndi kuchepa kwa thandizo m'zipatala. Ufulu wolankhula ndi wosankha tinaupeza. Nanga zina zija zimene maepiskopi anadandaula nazo, zatha kodi?

4. Chifundo ndi Chilungamo Ziyendere Limodzi

Chifundo chimathamangira munthu amene wagwa lero. Chilungamo chimafunsa chimene chikugwetsa anthu pamalo omwewo chaka ndi chaka. Mkhristu akuitanidwa ku zonse ziwiri. Tikamangogawa ufa osafunsa chifukwa chimene mlimi wolimbika akusowera chakudya, tidzagawa mpaka kalekale. Tikamangodzudzula boma koma mnansi wathu akugona ndi njala kuseri kwa mpanda wathu, mau athu ndi opanda mchere. Ngakhale m'dziko lolamulidwa bwino chotani, padzakhalabe wodwala wofuna womuyendera ndi wamasiye wofuna womutonthoza. Ntchito imeneyi palibe ofesi ya boma ingatigwirire.

Tiyeneranso kusiyanitsa chifundo ndi nyambo. Chifundo chenicheni sichiliza lipenga, sichichititsa manyazi wolandira, ndipo sichiyembekezera kubwezeredwa. Koma tazolowera kuona, makamaka chisankho chikayandikira, anthu akuimikidwa pamzere padzuwa kuti alandire kandalama, nsalu kapena kathumba ka ufa, kwinaku akuimbitsidwa nyimbo zotamanda wopereka. Lamulo la zipani zandale la 2018 limaletsa kugawa zinthu pofuna kukopa mavoti. Ngakhale lamulolo likanapanda kukhalapo, chikumbumtima cha mkhristu chikanaletsabe, pakuti kugwiritsa ntchito njala ya munthu kuti umulande ufulu wake wosankha ndi kumuchotsera ulemu umene Mulungu anamupatsa. Kathumba ka ufa kamatha m'masiku atatu, koma mtsogoleri wosankhidwa molakwika amakhala zaka zisanu.

5. Kwa Amene Muli pa Maudindo

Malamulo aakulu a dziko lino, m'gawo 12, amati mphamvu zonse zolamulira zimachokera kwa anthu ndipo olamulira amangosungitsidwa mphamvuzo. Gawo 30 limapatsa munthu aliyense ufulu wa chitukuko, ndipo limalamula boma kuonetsetsa kuti onse ali ndi mwai wofanana wopeza maphunziro, thandizo la chipatala, chakudya, pokhala ndi ntchito. Choncho pamene boma ligula mankhwala, kumanga sukulu kapena kugawa chimanga nthawi ya njala, likubweza kwa eni ake zimene iwo anapereka kudzera m'misonkho. Ngakhale mayi wa kumudzi amakhoma msonkho nthawi iliyonse akagula mayunitsi a foni.

Tikuyamikira zabwino zimene zachitika, monga maphunziro aulere a pulayimale kuyambira 1994, ndi ndondomeko ya Mtukula Pakhomo imene inayambira ku Mchinji mu 2006 n'kufalikira m'maboma onse. Koma ndondomeko yabwino imaonongeka ikagwera m'manja osakhulupirika. M'parishi ina imene tinatumikirako, tinapeza gogo wina wolera zidzukulu zinayi dzina lake litasowa pa mndandanda wa olandira chimanga, pamene pa mndandanda womwewo panali anthu a nyumba zamalata ndi ng'ombe m'khola. Titafunsa, tinauzidwa kuti gogoyo analibe womulankhulira. Anthu onse a m'mudzimo ankadziwa, ambiri a iwo akhristu athu, koma onse anali chete. Dzinalo linabwerera pamene amayi a mumphakati anapita pamodzi kukafunsa, mwaulemu koma mosabwerera m'mbuyo.

Augustine Woyera anafanizira boma lopanda chilungamo ndi gulu lalikulu la achifwamba. Tikupempha inu aphungu, makhansala, mafumu ndi ogwira ntchito m'boma, makamaka inu amene mumagwada nafe pa Nsembe ya Misa: lekani kudzikhululukira ndi mau akuti mbuzi imadya pomwe aimangirira. Simunamangiriridwe pa udindowo kuti mudye. Munaikidwapo kuti mutumikire. Dzanja lolandira Ukaristia Lamulungu lisalandire chiphuphu Lolemba.

6. Tidziyang'ane Tokha

Sitingaloze chala ena tisanadzifunse tokha. Kodi m'maparishi mwathu wosauka amamva kuti ali kwao? Kodi sitipatsa mipando yakutsogolo ndi maudindo kwa okhawo amene amapereka zambiri pa pepa sande? Kodi sizinachitikepo kuti mkhristu wosauka amwalire ndipo mpingo uzengereze kukaimba pa maliro ake chifukwa khadi lake la mtulo silinadzaze? Ndi bwino ndithu kuti Mpingo ukhale wodzidalira, ndipo aliyense athandize monga angathere. Koma kusowa ndalama kusatsekere munthu khomo la masakramenti kapena la mapemphero a Mpingo. Ndipo ife ansembe pamodzi ndi makomiti a zachuma tiyenera kufotokozera akhristu poyera mmene zopereka zao zayendera. Sitingafunse boma kuti lichite zinthu poyera ngati mabuku a parishi ali obisika.

Tidzifunsenso m'makomo mwathu. Mtsikana wantchito amene amadzuka tonse tili m'tulo, timamulipira zingati, ndipo timamulipira pa nthawi yake kodi? Waganyu amene watilimira tsiku lonse, sitimuuza kuti abwere mawa? Bambo akamwalira, ndani amalanda nyumba, mbuzi ndi munda kwa mayi wamasiye ndi ana ake? Kawirikawiri ndi achibale obatizidwa. Amene amakongoza katapila wobweza kawiri, amene amanena gogo wosauka kuti ndi mfiti, sachokera kutali.

Makolo athu anali ndi nzeru pa zimenezi. Ankalimirana pa dima, ankadyera pamodzi pa chidyerano kuti mwana wamasiye asagone ndi njala, ndipo mlendo sankafunsidwa za ulendo wake asanamwe madzi. Ankati kupatsa n'kuika, ndiponso chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mthenga Wabwino sunabwere kudzafafaniza nzeru zimenezi. Unabwera kudzazikulitsa, kuti zisathere pa mbumba yathu, pa mtundu wathu kapena pa mpingo wathu, koma zifike kwa munthu aliyense wolengedwa m'chifaniziro cha Mulungu.

7. Zoti Tichite

Abale ndi alongo, tikupempha kuti tichite izi.

Choyamba, mphakati uliwonse udziwe amphawi ake ndi mayina ao: okalamba okhala okha, odwala matenda a mgonagona, ana amasiye, olumala, abale athu achialubino amene akhala mwamantha, ndi mabanja a am'ndende. Tisasankhe chipembedzo kapena chipani. Msamariya uja sanafunse kuti wovulalayo amapemphera kuti.

Chachiwiri, nthawi yokolola mphakati usunge kankhokwe kake, banja lililonse lipereke monga lapezera, kuti miyezi ya Januwale ndi Febuluwale pasakhale wogona ndi njala pakati pathu. Amene alibe chimanga ali ndi manja: angathe kufolera nyumba ya gogo, kumulimira, kumutungira madzi kapena kuperekeza wodwala kuchipatala.

Chachitatu, thandizo lathu lizimuimiritsa munthu pa miyendo yake. Kulipirira mwana sukulu, kubwereketsa mbuzi yoti ikaswa ipite kwa wina, kuphunzitsana kupanga manyowa, kulima mbewu zopirira ku chilala, kubzala mitengo m'mapiri ndi m'mbali mwa mitsinje, zonsezi ndi ntchito za chikondi. Gwirizanani ndi a CADECOM ndi mabungwe a mumpingo monga la Vincent de Paul Woyera.

Chachinayi, tikhale maso pa chuma cha onse. Tizipita ku misonkhano ya chitukuko ya m'midzi ndi m'madera, tizifunsa kuti mndandanda wa olandira thandizo uwerengedwe pagulu, tizifunsa mmene ndalama za chitukuko cha dera lathu zagwirira ntchito. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito mu 2020, tiligwiritse ntchito. Komiti ya Chilungamo ndi Mtendere ya parishi yanu ilipo kuti ikuthandizeni. Kufunsa si mwano, ndipo mutu umodzi susenza denga.

Mafunso Okambirana m'Miphakati

Kodi Lazaro wa pachipata chathu ndi ndani, amene tazolowera kumudutsa?

Kodi m'mudzi kapena m'dera lathu alipo amene akudumphidwa pogawa thandizo? Tachitapo chiyani?

Kodi pali miyambo kapena malamulo a parishi yathu amene amalemetsa amphawi?

Kodi ndi ntchito iti imodzi imene mphakati wathu uyambe mwezi uno?

Mau Otsiriza

Okondedwa mwa Ambuye, pa Misa iliyonse timanyema mkate umodzi, wolemera ndi wosauka pa mzere umodzi, ndipo palibe amene amalandira Khristu wocheperapo. Zimene timachita pa guwa tikazichitenso kumudzi, kumsika, kuofesi ndi ku Nyumba ya Malamulo. Tsiku lina tidzaimirira pamaso pa Ambuye, ndipo mboni zathu zidzakhala anthu omwe aja Lawrence Woyera anawasonkhanitsa. Tiyesetse kuti adzatizindikire ngati abale ao.

Amayi Maria, amene anabereka Mwana wao m'khola la ziweto ndipo anadziwa moyo wothawa kwao, atipempherere. Mulungu Wamphamvuzonse adalitse inu nonse, mabanja anu ndi dziko lathu la Malawi.